Nsambo Zonenepa pa Gitala ya Malemu a Luka

Aise, wafika? Khala pansi kaye, foniyo uigwire ndi manja awiri, chifukwa nkhani ya lero ili ndi magazi, ili ndi mano a munthu wamkulu, ilinso ndi mpunga wa ku Bwanje umene anadya ndi agalu eniake akuyang'ana. Ndipo iwe umangowerenga mwakachetechete osayankha iwe, ndakuona, lero suthawa.

Ku Mtakataka kuli mnyamata wina wometa anthu, dzina lake Noel. Bambo ake anali a Luka a ku Golomoti, oimba gitala m'maukwati ndi m'mabala. Ukwati wa a Luka ndi amake Noel unatha mwanayo asanayambe sukulu, ndiye mukudziwa za kwathu kuno: mwana anatsala kwa amake, bambo n'kubwerera kwawo ndi chikwama chimodzi ndi gitala kumsana. Atakula, Noel ankawaona bambo ake mwa apo ndi apo, akabwera kudzametetsa zaulele. Akametedwa ankakhala pa benchi panja n'kumamuphunzitsa kugwira nsambo, mawaya a pa gitala aja. Nyimbo yake inali imodzi yomweyomweyo, yopeka okha, ya mkazi amene anakwera basi ya ku Balaka osatsanzika. Gitalayo inali yokalamba, khosi lake lomangidwa ndi lekeni, kumutu kwake kuli timaenje tambirimbiri. Noel ankangoti ndi makoswe a kwa bambo.

A Luka atamwalira sanasiye zambiri ayi. Njinga yopanda tcheni, jekete, ndi gitala ija. Noel njinga sankaifuna, jekete sankalifuna. Ankafuna gitala basi, chinthu chokhacho chimene iye ndi bambo ake anachigwirapo limodzi. Koma maliro asanathe n'komwe, gitala inali itapita kale ndi Davison, mwana wa mlongo wawo wa a Luka, wa kabaza wa njinga yamoto pa Golomoti. Chimunthu cha mapewa ngati chitseko cha golosale. Iye anangoti za amalume amatenga ndi mphwawo, ana akafunse kwa amalume awo.

Zikanathera pomwepo mwina, koma Davison ndi munthu woti akapambana amafuna umuone. Tsiku lina masana anaimika njinga pakhomo pa babashopu ya Noel, gitala ataimangirira kumbuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Analowa, n'kudziponya pampando.

"Asuweni, tandipalani m'mbalimu. Loweruka ndikukaimba ku ukwati ndi gitala yanga."

"Yanu iti?"

"Ya amalume anga. Paja inu munali ndani wawo? Owameta?"

Noel anamufunditsa nsalu bwinobwino, kumupukuta m'khosi, kuyatsa makina. Kenako anaika makinawo pamphumi, n'kuyendetsa tswii mpaka kunkhongo, msewu umodzi woongoka pakati pa mutu. Atafika kumapeto anaponda switchi ya pakhoma ndi chala cha kuphazi.

"Aaa, pepani asuweni. Magetsi athima."

Davison anayang'ana pagalasi. Anayang'ana babu la kudenga, lili ngwee kuyaka. Anayang'ananso pagalasi.

Chibakera choyamba chinafikira Noel pakamwa, iye n'kukagunda galasi lija ndi msana, phwaa! Anadzuka ndi mpando wachitsulo n'kumuphwanya nawo Davison paphewa. Anagwirana pakhosi, kugubuduzana pa tsitsi la makasitomala, kutulukira pakhomo ali chigwirire, mpaka kukagunda njinga ija. Njinga inagwa, gitala pansi pake, nsambo ziwiri thapu thapu. Anthu ogulitsa tomato ndi amene anawalekanitsa, wina mlomo utatupa ngati bumi, wina magazi akutsika mu msewu wa pamutu uja.

M'mawa mwake onse awiri anaitanidwa kwa mayi Florence, amake Davison, amene kwa Noel ndi azakhali. Mayi amenewa sakondera. Anavula patapata n'kuyamba ndi mwana wawo, kumalizira mwana wa mchimwene wawo.

"Mlongo wanga sanaole n'komwe, inu mukuphana chifukwa cha thabwa! Tamverani. Tsiku lomanga chiliza, tikabwera kumanda, nonse muimba nyimbo ija ya basi ya ku Balaka. Oweruza ndi a Cosmas, amene anaimba naye moyo wake wonse. Amene aiimbe mpaka kumapeto, a Cosmas n'kuvomera kuti ndi yomweyo, watenga gitala. Pakadali pano igona kuchipinda kwanga. Ndipo iwe Noel, poti ndiwe unayamba ndi makina ako, nsambo zatsopano ubweretsa ndiwe."

Noel anasangalala mpaka pamsewu. Nyimboyo ankaidziwa ngati dzina lake. Koma ali mu minibasi anakumbukira chinthu china. A Cosmas samva. Zaka zonse zija akuomba ng'oma pafupi ndi masipika zinawatseka makutu. Pamaliro paja munthu wina anawakuwira kukhutu kuti, "Pepani ndi zovutazi!" iwo n'kuyankha kuti, "Ndadya kale, zikomo."

Ndiye munthu wotere umuimbire bwanji kuti amve?

Funso limeneli anapita nalo kwa Zuberi, wokonza mafoni ndi mawailesi pamsika wa Golomoti, amene amasunganso nsambo za magitala a makwaya. Zuberi anatulutsa mapaketi awiri n'kuwaika pa tebulo.

"Izi ndi zowonda, nambala naini. Zofewa, chala chimangotsetsereka chokha. Koma mawu ake ndi a mkwatibwi, zimanong'ona. Izi ndi zonenepa, nambala satini. Zikalira pano, agalu a ku Mua amayankha. Koma kukoka kwake, bwanawe, ndi ng'ombe ziwiri pangolo."

"Bambo ankagula ziti?"

"Zowonda. Nthawi zonse zowonda. Sukudziwa kuti khosi la gitala ija linathyokapo? Anagwa nayo pa lole ku Khwekhwelere. Anamata ndi guluu, kukhoma kamsomali, kukulunga lekeni. Ukaikapo zonenepazi, wallahi, ndi chimodzimodzi kusenzetsa agogo thumba la simenti."

"Koma a Cosmas samva."

"Ndiye ukufuna chiyani, gitala kapena makutu a a Cosmas?"

"A Cosmas akapanda kumva, gitalayo ndilibe."

Zuberi anayang'ana zala za Noel, zosalala, zonunkhira sipiliti ndi mafuta a tsitsi.

"Ndi timanja ta ku babashopu iti? Zikudula izi."

Noel ananyamula paketi ya zowonda, kuibweza. Ananyamula ya zonenepa, kuibweza. Zowonda zisunga gitala, koma gitalayo ipita kwa Davison, azikaimangirira kumbuyo kwa njinga mpaka idzathere pa mabampu. Zonenepa zifika m'makutu mwa a Cosmas, ndipo khosi lija, kaya, mwina lipirira nyimbo imodzi. Imodzi yokha basi, kenako adzazichotsa yekha ndi manja ake, n'kuipepesa.

"Ndipatse zonenepazo."

"Ine ndanena," anatero Zuberi. "Mboni ndi foni za anthuzi."

Tsiku la chiliza kunatentha ngati Golomoti yakwiya ndi munthu. Anthu atabwera kumanda anakhala pansi pa mlambe wa pakhomo pa mayi Florence. Amisiri anatsamiritsa mafosholo awo pamtengo, ndowa za simenti yotsala zili pambali. Kuseri amayi anali ataphula mpunga ndi nyama ya mbuzi. Mbali ina kunakhala anyamata a kabaza, anzake a Davison. Mbali inayo abale a Noel a ku Mtakataka, amene anabwera atamva kale za mlomo uja. Davison anali atameta mpala kuti msewu usaoneke, koma chipsera chinkaonekabe.

Noel anadula nsambo zakale ndi pulayala n'kuyamba kuika zatsopano. Akapotokola kiyi yokungira nsambo, gitala imati kwee. Akapotokolanso, kwee. Iye anayamba kutsokomola dala kuti anthu asamve. Atamaliza anakhwatcha kamodzi, ndipo aise, mawu ake! Nkhuku zinathawa. Mwana wina amene anali kubere anasiya kuyamwa. Noel mtima unakhala pansi. Apa ndiye ngakhale malemu amva kumanda kuja.

"Ayambe wamkulu," anatero mayi Florence.

Davison analanda gitala n'kukhala pa mtondo wovundikira. Apo a Cosmas anadzuka pampando wawo, kankhalamba kowonda ka jekete lalikulu. Sanatchere khutu ayi. Anavula chipewa, kugwada pafupi ndi Davison, kupukuta mutu wa gitala ndi mkono wa jekete, kenako anayasamula n'kuuluma. Kuuluma zenizeni, mano khaa pathabwa, maso n'kutseka.

"Azakhali," Noel ananong'ona, "akutani?"

"Akumvetsera. Makutu anafa, koma mawu amalowera m'mano. Ndi bambo ako ankatero zaka zonsezi. Ngakhale ukhudze pang'ono chabe, amva zonse."

Noel anayang'ana timaenje tija ta kumutu kwa gitala. Sanali makoswe.

Zowonda zija zikanakwana. Zikanakwana ndi kutsala. Analumpha n'kugwira kiyi kuti amasuleko pang'ono, koma Davison anamumenya dzanja, phaa!

"Usakhudze! Wakunga wekha. Mmene ndiimbire ine ndi mmene uimbirenso iwe. Kapena waopa, wometa?"

Ndiye Davison anayamba. Abale anga, munthu ameneyu gitala amaiimba ngati akuliza njinga yokana kulira m'mawa. Khwa! Khwa! Khwa! Mutu wa a Cosmas unkangonjenjemera ngati ali pa chigayo. Kukhwatcha kulikonse Noel ankakumva m'nthiti mwake, maso ali pa lekeni uja. Nyimbo isanafike pakati, a Cosmas anasiya kuluma, kulavula pansi, n'kukuwa monga amachitira anthu osamva:

"Uku si kuimba! Uku ndi kuchapa bulangete pamwala!"

A ku Mtakataka anafa nacho chiseko. A kabaza anayamba kudzuka mmodzimmodzi. Mayi Florence anangokweza patapata m'mwamba, onse n'kukhalanso.

Noel anailandira gitala ngati akulandira mwana wodwala. Khosi linali litayamba kale kupindika, nsambo zitatalikirana ndi thabwa moti kuti uzikanikize umafunika chala cha mmisiri. A Cosmas anapukutanso, kuluma, kutseka maso.

Anayamba pang'onopang'ono, mmene a Luka ankayambira pa benchi paja. Ndime yoyamba, nsambo zinangomuotcha. Ndime yachiwiri, khungu la chala cha mkomba phala linang'ambika, kenako chapakati. Magazi anayamba kutsetsereka pathabwa, zala n'kumaterera, iye osasiya. Phazi la a Cosmas linayamba kugunda pansi lokha, ndendende pamene ng'oma imalowera. Kenako misozi, mizere iwiri, kutsika m'masaya mpaka pathabwa limene analumalo. Mayi Florence anaphimba nkhope ndi chitenje.

Ndiye kunamveka kanthu kakang'ono. Tsa.

Noel anayang'ana pansi. Lekeni anali akutanuka. Kamsomali kaja kanali katatulutsa mutu, kakusuzumira ngati mbewa pauna. Inatsala ndime imodzi, ndipo iye ankadziwa mmene nyimboyi imathera: a Luka ankaimaliza ndi kumenya nsambo zonse kamodzi, mwamphamvu, ngati chitseko cha basi chikutsekedwa. Popanda chimenecho nyimbo sinathe, ndipo a Cosmas akanadziwa. Akaima apa, gitala ipulumuka koma ipita ndi Davison. Akamaliza, kaya.

Davison naye anali ataona misozi ija. Anabwera n'kuwerama, nkhope yake pafupi ndi nsambo, mpweya wake ukumuomba Noel m'maso.

"Siya, mwana wa kwa eni. Magazi akowo ukuipitsa katundu wa amalume anga. Ankabwera kwa iwe chifukwa cha kumeta kwaulele, ukuganiza ankakufuna?"

Noel anamuyang'ana m'maso, n'kukweza dzanja.

Gwaaa!

Khosi la gitala linathyoka n'kupindikira kutsogolo ngati msampha. Mutu wa gitalayo unasolotoka m'kamwa mwa a Cosmas pamodzi ndi mano awiri akutsogolo, mkuluyo n'kugwa chagada miyendo m'mwamba. Nsambo zonenepa zija zinakwapula Davison kuyambira patsaya mpaka kukhutu, khungu n'kutseguka ngati papaya lakupsa. Noel anatsala atakumbatira mimba ya gitala, khosi likulendewera pa mawaya.

Kenako pabwalo panayaka moto.

Davison, dzanja limodzi litagwira tsaya, linalo anatola ndowa ya simenti n'kumuvundikira nayo Noel kumutu, n'kuimenya chibakera pamwamba. Noel, osaona kanthu, anaponya mwendo mwachisawawa n'kupeza Davison pamalo oti sinditchula pano poti ena mukuwerenga ndi ana. A kabaza anathamangira mafosholo. A ku Mtakataka anazula mitengo ya mpanda wa bafa, mayi wina ali mkati akusamba. Ana a a Cosmas, ataona bambo awo akulavula magazi, sanafunse kuti wolakwa ndani, ankangomenya aliyense amene wayandikira. Mmisiri wina amene anangobwera kudzamanga chiliza analandira benchi pamsana akuthawa ndi mbale yake. Wina anakankhidwira kuseri n'kugwera mu mphika, mpunga wonse mbwee pamchenga, nyama pamwamba, agalu a m'mudzi wonse n'kufika ngati anawatumizira uthenga. Mayi Florence anataya patapata n'kusolola chikuni chamoto, ndipo amene anachilawa choyamba ndi mwana wawo yemwe.

Pakati pa zonsezi Noel anali atagona chafufumimba pamwamba pa zidutswa za gitala, ndowa ikadali kumutu, mapazi a anthu akumuponda pamsana. Nthiti zinkalira, koma sanasunthe. Zimene zinatsalazo sankafuna wina azipondenso.

Chimene chinaletsa nkhondo ndi phokoso la fosholo pa mgolo wa madzi. Ngo! Ngo! Ngo! Anali a Cosmas, jekete lonse magazi, akuomba mgolo ngati ali pa siteji. Anthu anaima, wina fosholo ili m'mwamba, wina atagwira kolala ya mnzake.

"Luka ndamumva!" anakuwa, mawu akutulukira pa mpata wa mano. "Ndamumva mpaka chitseko cha basi! Mwana uyu ndi wa Luka. Ndi uchitsiru womwe ndi wa Luka! Bambo ake anandithyola nthiti pa Khwekhwelere, tikugwa pa lole iye n'kuteteza gitala m'malo mwa ine. Uyu wandichotsa mano. Gitala ndi yake, mpatseni, asanandimalize!"

Wina anamuvula Noel ndowa ija. Simenti inali itayamba kuuma m'nsidze. Anayang'ana zimene anapambana: mimba yong'ambika, khosi lothyoka pawiri, mawaya opotana. Pamutu pa gitala, pakati pa timaenje takale tija, panali dzino la a Cosmas litazikika ngati msomali.

"Atenge nkhuni zakezo," anatero Davison, magazi akudontha pachibwano. Koma mawu ake anali atachepa, ndipo sanayang'ane zidutswazo kawiri.

Tsono vuto linali lakuti onse atatu ankafunika kusokedwa, ndipo anzake a Davison anali atathawa ndi njinga zawo atamva wina akutchula apolisi. Njinga imene inatsala inali imodzi. Ndiye anthu a m'mbali mwa msewu wopita ku chipatala cha ku Mua anaona izi masana amenewo: kutsogolo Davison, tsaya atamanga ndi mpango wa amake, pakati a Cosmas, ataluma chinsanza, kumbuyo Noel, woyera ndi simenti ngati chiliza chimene chathawa kumanda, dzanja limodzi atakumbatira thumba la zidutswa, linalo atagwira lamba wa msuweni wake kuti asagwe.

Pa bampu ina Davison anatembenuka pang'ono.

"Ndime yachitatu ija, chala umaika pati?"

"Yang'ana kutsogolo, ungatiphe."

Lero mukapita ku babashopu ya Noel mupeza galasi latsopano, ndipo pamwamba pake papachikidwa gitala ya zidutswa ziwiri, dzino likadali pomwepo. A Cosmas anakana kulitenga, akuti likhale, lizimvetsera. Amisiri a matabwa atatu anaiona gitalayo n'kupukusa mutu. Noel anabwererabe kwa Zuberi n'kukagula paketi ija ya zowonda, Zuberi kungomuyang'ana mpaka kutuluka. Ili mu dilowa, pamodzi ndi malezala, yosatsegula. Poti aziika pati?

Tsono ndikudziwa kuti ena a inu munalipo tsiku limenelo, makamaka iwe unathawa ndi mwendo wa mbuzi m'thumba la buluku. Ena akuti mano anali atatu, ena akuti amene anayamba kuponya ndowa si Davison. Lembani m'munsimu mmene munaionera kapena mmene anakuuzirani kwanuko. Ndipo undiuze zoona aise, ukanakhala iwe pa tebulo la Zuberi paja, mapaketi awiri ali pamaso pako, ukanatola iti?